Funsani alangizi: mandimu odzala m'ndowa

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndipo nkhani yake ndi imodzi: mtengo wa mandimu wodzala m'ndowa, m'chigubu kapena m'diramu yodula pakati. Tigwirizane kaye za dzina, poti kwathu kuno mawu oti mandimu amanena zipatso ziwiri. Pali aakulu aja a khungu lokhuthala ndi lokhakhala opezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndiye pali aang'ono osalala khungu, othyoledwa akadali obiriwira, a fungo lamphamvu. Tikunena achiwiriwa, ngakhale zambiri zithandizanso amene wadzala lalanje kapena nachesi m'ndowa.

Ndimakhala nyumba ya lendi ndipo eni ake salola kukumba pabwalo. Ndikufuna kudzala mandimu m'chigubu kuti ndikamadzasamuka ndidzanyamule. Ndiyambire pati? — Mayi wa m'tauni ya Kasungu

Mayi, yambirani pa mbande. Mandimu aang'onowa alipo mitundu iwiri yodziwika. Wa Tahiti chipatso chake n'chokulirapo ngati dzira la nkhuku, chilibe njere, ndipo mtengo wake uli ndi minga yochepa. Wina, wotchedwa West Indian kapena Mexican, zipatso zake n'zazing'ono, zanjere zambiri, ndipo minga ndiye musanene. Pakhomo pa ana ife tingasankhe Tahiti, komanso umapirirako kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuposa unzakewo. Gulani mbande yokwatitsa, ndipo wogulitsa akuonetseni pomwe anakwatitsira: pamakhala kabondo pa tsinde, masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa dothi. Tembenuzani masamba. Mbande yomwe masamba ake ali ndi timatuza, kapena mawanga achikasu, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 n'chokwanira zaka ziwiri zoyamba. Dulani kumwamba, tsukani ndi sopo, kenako boolani pansi ndi msomali waukulu wotentha, mabowo 8 mpaka 10, lililonse lotha kulowa pensulo. Onjezani mabowo anayi m'mbali, masentimita 2 kuchokera pansi. Chigubucho chikhale pa njerwa zitatu. Njerwazi zimachititsa kuti madzi azituluka osatsekereza, mizu isalowe m'nthaka ya eni nyumba, ndipo chiswe chikayamba kukwera mumachiona msanga. Anthu ambiri amayala miyala pansi pa chigubu poganiza kuti ithandiza madzi kutsika. Sithandiza. Imangodya malo a mizu, ndipo dothi lonyowa kwambiri limangosunthira m'mwamba kufupi ndi mizuyo. Kachidutswa ka saka koyala pa mabowo n'kokwanira kuti dothi lisamatayike.

Musathamangire diramu. Kambande kakang'ono m'dothi lochuluka chotero sikatha kumwa madzi onse, dothi limakhala chinyowere ndipo mizu imawola. Komanso kumbukirani kusamuka kuja: chigubu cha malita 20 chodzaza dothi lonyowa chimalemera cha m'ma kilogalamu 30, pamene theka la diramu limaposa makilogalamu 100.

Pa dothi ndi pomwe pagona nkhani yonse. Dothi lomwe limabereka bwino chimanga m'munda likalowa m'chigubu limasanduka njerwa, chifukwa mulibe nyongolotsi kapena khasu loti lizilifewetsa. Yezani ndi beseni limodzi: mabeseni awiri a dothi lapamwamba lotapa pansi pa mitengo, beseni limodzi la mchenga wa kumtsinje wa timiyala (osati wosalala wopulasitalira nyumba), beseni limodzi la manyowa a m'khola owolerana mpaka kusiya kununkha, ndi beseni limodzi la makoko a mtedza ophwanyaphwanya omwe agonera mvula. Makokowa ku Kasungu ndi ku Mchinji savuta kupeza. Zinyenyeswa za makala za pansi pa thumba nazo zingalowe, koma phulusa ayi. Mukasakaniza, nyowetsani pang'ono n'kufumbata m'dzanja. Likaumbika koma n'kumwazika mukalikhudza ndi chala, lili bwino. Likakhala ngati dongo loumbira mphika, onjezani mchenga.

Podzala ng'ambani pepala la pulasitiki, masulani mizu yomwe yazungulira pansi, ndipo mbandeyo ikhale pa msinkhu womwe inali m'chubu. Kabondo kokwatitsira kaja kasayandikire dothi. Siyani masentimita 5 kukamwa kwa chigubu kuti madzi azikhala ndi poima. Sabata yoyamba ikhale pa mthunzi, kenako pa dzuwa la maola 6 mpaka 8 tsiku lililonse. Pakhonde la denga sipoyenera. Malo abwino ndi kumpoto kwa nyumba, chifukwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mbali ya kummwera imakhala mu mthunzi nthawi yomwe mtengo ukufuna kutenthedwa.

Mtengo wanga ndimauthirira m'mawa ndi madzulo osaphonya, koma masamba akuchita chikasu n'kumayoyoka. Dothi ndinakatapa kudambo, lakuda bwinobwino. Walodzedwa kapena? — Bambo wa kwa Kamwendo, Mchinji

Sunalodzedwe, bambo, ukumira. Dothi lakuda la kudambo ndi makande, limasunga madzi ngati mtsuko, ndiye inu mukuonjezera kawiri pa tsiku. Mizu ya mandimu imapuma mpweya. Ikakhala m'matope masiku angapo timizu tating'ono toyamwa chakudya timafa, ndipo matenda owoletsa mizu amalowa. Chosokoneza n'chakuti mtengo wofa mizu umafota ngati wa ludzu, mwini wake n'kuthiranso madzi ena.

Chitani izi lero lomwe. Goneketsani ndowa, tulutsani mtengo ndi dothi lake, muone mizu. Yamoyo ndi yoyera kapena yachikasu pang'ono, yolimba. Yowola ndi yakuda, yofewa, khungu lake limavuka mukaikoka n'kutsala kaulusi, ndipo dothi limanunkha ngati ngalande. Dulani yowolayo ndi mpeni wakuthwa, gwedezani makande ambiri achoke, mudzalenso m'dothi losakaniza monga tafotokozera mayi a ku Kasungu. Chepetsani nthambi pang'ono kuti mizu yotsalayo ikwanitse, ikani pa mthunzi masabata awiri, ndipo feteleza asafikepo mwezi wathunthu. Ngati pa tsinde pafupi ndi dothi pakutuluka utomoni ndipo khungu lafa kuzungulira tsinde lonse, musadzivutitse, yambani ndi mbande ina m'dothi latsopano.

Kuthirira kulibe tsiku loikika. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani. Mukamva kuuma, thirani pang'onopang'ono malita 3 mpaka 5 pa ndowa ya malita 20, mpaka madzi atulukire pansi. Mu Okutobala izi zingachitike tsiku lililonse. Mu Juni ndi Julayi, usiku ukamazizira, mtengo umaima kukula ndipo kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Nthawi ya mvula ntchito yanu n'kuona kuti mabowo sanatsekeke, ndipo ndowa isakhale podonthera denga.

Za chikasu tikhalepo pang'ono, poti makalata ena anayi afunsa zomwezi, ndipo si chikasu chonse chochokera ku madzi. Tsamba limanena lokha chomwe lasowa, bola kuliyang'anitsitsa. Masamba akale a m'munsi akatuwa onse mofanana, mtengo wosatulutsa mphukira, ndi njala ya nayitirojeni, yomwe ija imayeretsa chimanga chosathiridwa feteleza wobereketsa. Masamba akale akachita chikasu m'mbali koma n'kutsala kobiriwira kosongoka kuchokera pa phata la tsamba ngati mutu wa mkondo, mtengo wasowa maginiziyamu. Gulani Epsom salt ku famase, sungunulani supuni yaikulu imodzi m'malita 5 a madzi, muthire m'ndowa kamodzi, mubwereze pakatha mwezi. Masamba atsopano a kunsonga akayera koma mitsempha yake n'kukhala yobiriwira ngati ukonde, vuto ndi ayironi, ndipo kawirikawiri ayironiyo m'dothi alimo koma mizu ikulephera kumutenga. Zochititsa zake ndi dothi lonyowa mopitirira, phulusa lochuluka, kapena madzi a pamjigo aja osiya zoyera m'ketulo. Mandimu amafuna dothi lowawasirako pang'ono, la pH (muyezo wa kuwawasa kwa dothi) 5.5 mpaka 6.5, ndipo phulusa limaikweza msanga m'ndowa. Masamba atsopano akamatuluka ang'onoang'ono, opyapyala, amawangamawanga ndi othithikana, ndi zinki.

Chikasu china n'choopsa. Pindani tsamba potsata mtsempha wapakati. Chikasu cha njala chimafanana mbali zonse ziwiri. Mawanga akakhala osiyana, mbali iyi pano mbali inayo apo, nthambi imodzi yokha n'kudwala zinzake zili bwino, zipatso n'kumatuluka zopotoka ndi zowawa, kaitaneni alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) adzaone. Akhoza kukhala matenda a greening, ofalitsidwa ndi kachilombo komwe kamasiya timatuza pa masamba anthete. Alibe mankhwala, ndipo mtengo wotero umazulidwa kuti usapatsire malalanje ndi manachesi a pamudzi.

Ndine mlimi wa fodya, feteleza sandisowa. Ndinathira dzanja limodzi la Urea m'ndowa, patatha masiku atatu masamba onse anapsa m'mphepete n'kugwa. Muyezo wake ndi wotani? — Mlimi wa ku Santhe, Kasungu

Dzanja limodzi, bambo, ndi chakudya cha mtengo waukulu wa m'munda. M'munda feteleza amamwazikira kutali, koma m'ndowa alibe kothawira, amakhala mchere wokhawokha pa mizu n'kuikoka madzi. Ngati nthambi zikadali zobiriwira mukakanda khungu ndi chikhadabo, mtengowo uli moyo. Kokolani feteleza wotsala pamwamba, kenako tsanulirani madzi oyera okwana ndowa ziwiri pang'onopang'ono kuti atsuke dothi. Dikirani masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, mphukira zidzatuluka.

Lamulo la m'ndowa ndi pang'ono koma pafupipafupi. Pa ndowa ya malita 20, supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosasefukira, yomwe ndi magalamu pafupifupi 5, mwezi uliwonse kuyambira Ogasiti mpaka Epulo. Pa theka la diramu, supuni yaikulu imodzi. Mwazani m'mphepete mwa ndowa kutali ndi tsinde, pa dothi lonyowa kale, n'kuthirira. Epulo akamatha lekani, mudzayambirenso kukayamba kufunda. Feteleza wothira m'nyengo yozizira mtengo sumudya, amangounjikana.

Mandimu amafuna nayitirojeni ndi potashi wambiri, fosifolasi pang'ono chabe. Feteleza wokulitsa chimanga wa 23:10:5+6S+1.0Zn ndi wabwino chifukwa ali ndi nayitirojeni wokwanira komanso zinki, koma potashi ndi wochepa. D Compound wanu wa fodya, wa 8:18:15, potashi ali naye koma fosifolasi wachuluka, ndipo fosifolasi akaunjikana m'ndowa amatsekereza zinki ndi ayironi. Ndiye sinthanitsani: miyezi iwiri wa chimanga uja, mwezi wachitatu D Compound, makamaka pamene tizipatso tikukula. Urea ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100, n'chifukwa chake amawotcha msanga. Ngati ndi yekhayo ali m'nyumba, theka la supuni yaing'ono lisungunulidwe m'malita 5 a madzi, osati kuthira wouma. CAN ndi wofatsirapo.

Manyowa musawasiye. Manja awiri a manyowa owolerana pamwamba pa dothi kawiri pa chaka, mu Ogasiti ndi mu Disembala, osakhudza tsinde. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha ngati Urea yemweyo, ziyambe zagona pa mulu miyezi itatu. Mapesi a fodya oduladula ndi ophimbira abwino, ndipo akamawola amasiya potashi. Chinthu china chomwe chimapha mandimu ambiri a m'matauni mwakachetechete ndi madzi ochapira zovala. Sopo wa ufa ali ndi mchere womwe mitengo ya gulu la malalanje siipirira. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba alibe vuto. Mukaona zoyera zikuundana m'mphepete mwa ndowa m'chilimwe, tsukani dothi monga tanenera, kamodzi pa miyezi iwiri.

Masamba adetsedwa ngati apakidwa mwaye, kunsi kwake kuli zoyera ngati thonje, ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika tsiku lonse. Ndipopere chiyani? — Mphunzitsi wa ku Kapiri, Mchinji

Aphunzitsi, mwayewo si matenda enieni. Kunsi kwa masamba kuli tizilombo toyamwa madzi a mtengo: zoyera ngati thonjezo ndi ana a ntchentche zoyera kapena kodikodi, ndipo mukayang'ana pa mphukira mupezanso nsabwe zakuda, mwinanso tina tomata pa nthambi ngati nkhupakupa zazing'ono. Tonseti timatulutsa madzi otsekemera omwe amadonthera pa masamba a m'munsi, ndipo pa madzi amenewo pamamera nkhungu yakuda ija. Nyerere zimabwerera madzi otsekemerawo, ndipo zimateteza tizilomboti kwa adani awo ngati mbusa ndi ziweto zake. Mukapha tizilombo n'kusiya nyerere, pakatha masabata atatu zonse zabwerera.

Ubwino wa mtengo wa m'ndowa ndi woti ndi waung'ono, mungathe kuusambitsa. Tengani kansanza ndi madzi, pukutani kunsi kwa masamba, ndipo masamba odzaziratu thonje athotholeni mukatenthe. Kenako konzani mankhwala awa: masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira ndi supuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale, m'kabotolo, khutchumulani mpaka ziyere ngati mkaka. Pa lita imodzi ya madzi thiranimo supuni yaikulu imodzi ya zimenezi. Poperani madzulo dzuwa litapendeka, makamaka kunsi kwa masamba, mpaka adonthe. Mafutawo amatseka popumira tizilombo, ndiye tomwe sanatikhudze sitifa, n'chifukwa chake mubwereze katatu, motalikitsa masiku 7 mpaka 10. Musapopere masana a Okutobala, kapena pa mtengo wofota ndi ludzu, kapena maluwa ali mbuu, chifukwa masamba amapsa ndipo maluwa amagwa. Musaonjezere muyezo poganiza kuti zigwira msanga. Mwaye umakanganuka wokha pakapita masabata angapo.

Nyerere zitsekereni njira. Pakani girisi pa njerwa zomwe ndowa yakhalapo, osati pa khungu la mtengo, ndipo nthambi zisakhudze khoma kapena mpanda. Ngati zamanga chisa m'ndowa momwemo, imikani ndowayo m'beseni lalikulu la madzi theka la ola, zituluka zokha, kenako muibwezere pa njerwa ikhe.

Nsabwe zakuda zija musazipepuse: ndi zomwe zimafalitsa matenda a tristeza, ndipo mandimu a West Indian sachedwa kugwidwa nawo. Koma mizere yokhotakhota yonyezimira m'masamba anthete isakudetseni nkhawa kwambiri. Ndi kambozi koyenda m'kati mwa tsamba, kamapinda masamba n'kuwaipitsa maonekedwe koma mtengo wokhwima sufa nako. Mbozi yooneka ngati chitosi cha mbalame, yomwe ikakula imabiriwira, ndi mwana wa gulugufe, ndipo zitatu zokha zingathe kumaliza masamba a mbande m'masiku ochepa. Zitoleni ndi manja. Mankhwala otsala ku fodya kapena ku thonje asapite pa mtengo womwe zipatso zake zikalowa m'tiyi wa ana.

Mtengo unachita maluwa ambiri mu Sepitembala, tizipatso tinamera, koma titafika ngati nsawawa tonse tinagwa kutsala zitatu. Ndalakwitsa pati? — Mayi wa ku Nkhamenya, Kasungu

Mwina simunalakwitse kwambiri, mayi. Mitengo ya gulu limeneli imachita maluwa ochuluka kuposa omwe ingalere, ndipo pa maluwa 100 ofika pokhala zipatso zokhwima kawirikawiri saposa awiri. Kugwa kwa tizipatso tating'ono ndi mtengo kudziyeza mphamvu. Mungu si vuto: duwa la mandimu limadzikwanira lokha, ndipo Tahiti amabereka popanda mungu n'komwe.

Koma nthawi yomwe mwatchulayo ndi yovuta. Maluwa amabwera kuzizira kukangotha, tizipatso n'kukumana ndi dzuwa la Okutobala ndi mphepo youma. Ndowa ikauma gwa tsiku limodzi lokha pa nthawi imeneyi, mtengo umataya zipatso kuti upulumutse masamba. Ndowa yakuda ya pulasitiki ikawombedwa ndi dzuwa la masana imatentha moti mizu ya m'mphepete imapsa. Ikulungeni ndi saka kapena udzu, kapena muipake laimu iyere. Phimbirani dothi ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 5, kusiya kampata kuzungulira tsinde, ndipo ikani mtengo pomwe mpanda ukutchinga mphepo. Musausunthesunthe uli ndi maluwa, ndipo musauthire Urea wambiri nthawi imeneyo, chifukwa umathamangira masamba n'kuiwala zipatso.

Ngati mtengowo sunakwane zaka ziwiri, zitatu zatsalazo n'zokwanira. Chaka choyamba ife timalangiza kuthothola tizipatso tonse, ngakhale zimapweteka mtima, kuti mphamvu ipite ku nthambi ndi mizu.

Zotsalazo zidzakhwima pakatha miyezi 4 mpaka 6 kuchokera pa maluwa. Musadikire kuti zichite chikasu. Ndimu lakhwima khungu likasalala n'kuwala, kubiriwira kwake kukayamba kuyererako, ndipo mukalifinya pang'ono limalola. Tahiti akakhalitsa mu mtengo amayamba kuwola kunsonga. Dulani ndi sizasi mame atauma, poti ndimu lonyowa likakhudzidwa mwamphamvu limachita mawanga pa khungu. Mukafinya mandimu ambiri sambani m'manja musanapite padzuwa, chifukwa madzi ake akakumana ndi dzuwa amatha kuwotcha khungu mpaka matuza.

Ndinagula mbande ya mandimu aang'ono, chaka choyamba inabereka bwino. Tsopano nthambi yaikulu ikubereka mandimu okhakhala a kumudzi. Anandipusitsa? — Bambo wa kwa Mkanda, Mchinji

Sanakupusitseni, bambo. Mbande yokwatitsa ndi mitengo iwiri: mizu ndi tsinde la m'munsi kawirikawiri ndi za mandimu okhakhala aja, chifukwa ndi olimba, ndipo pamwamba ndi pomwe pali mtundu womwe munaufuna. Tsatirani nthambi yaikuluyo ndi chala mpaka pomwe yachokera, mupeza kuti yaphukira kunsi kwa kabondo kokwatitsira. Mphukira zotere zimakula mothamanga, zowongoka, za minga italiitali, ndipo mukazilekerera zimalanda chakudya chonse mpaka wa pamwamba uja kufa. Iduleni mofanana ndi tsinde osasiya chitsa, ndipo zina zikamaphuka muzizikonyola ndi chala zikadali zanthete.

Kudulira kwina mandimu safuna kwambiri. Chotsani nthambi zouma, zokhulana, ndi zolowa m'kati, mukangomaliza kukolola. Mpeni muziupukuta ndi Jik wosungunula pochoka pa mtengo wina kupita pa unzake.

Ndinadzala njere zaka zinayi zapitazo, mtengo wakula koma duwa ngakhale limodzi. Kwa mnansi wanga kuli mtengo wobereka kwambiri. Ndingatengeko bwanji mbewu yake? — Mnyamata wa ku Chamama, Kasungu

Achimwene, wa njere umachedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mandimu aang'ono a West Indian ochokera ku njere amayamba kubereka pa zaka 3 mpaka 5 ndipo amafanana ndi kholo lake, koma mitundu ina imatenga nthawi yoposa apo. Musamaudule kunsonga pofuna kuti ufupike: mtengo wa njere umayenera kutalika kaye kufika pa msinkhu wake usanayambe maluwa, ndipo kuudula n'kuubwezera ku ubwana. Onaninso ngati ukulandira dzuwa lokwanira.

Mtengo wokhwima womwe unaberekapo kale koma waima, ulipo mchitidwe wouutsa. Chepetsani madzi masabata awiri kapena atatu mpaka masamba azipinda pang'ono masana, kenako thirirani mokwanira n'kuthira feteleza. Maluwa amatuluka pakatha pafupifupi mwezi. Pa mtengo wodwala kapena waung'ono musayese.

Za mtengo wa anansi anu, njira yosavuta n'kumeretsa mizu pa nthambi ikadali pa mtengo. Pemphani kaye, ndipo onetsetsani kuti mtengowo ulibe mawanga achikasu, chifukwa matenda a kholo amapita ndi nthambi. Mvula ikakhazikika mu Disembala, sankhani nthambi yowongoka yonenepa ngati pensulo kapena chala chaching'ono, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera kunsonga. Lembani ndi mpeni mizere iwiri yozungulira nthambi, yotalikirana masentimita 3, musende khungu la pakati pake. Palani pang'ono potererapo mpaka pakhale mtengo wouma. Ambiri amalephera pamenepa: mukasiya kotererako, khungu limalumikizananso ndipo mizu simera. Tengani dzanja lodzaza la utuchi wakale wowolerana wosakaniza ndi dothi pang'ono, wonyowa moti mukaufinya madzi angodontha kamodzi, muumbire pa balapo. Kulungani ndi pulasitiki yoonekera m'kati, mangani zolimba kumwamba ndi kumunsi ndi mphira wa chubu cha njinga, kenako phimbani ndi pepala kapena nsanza kuti dzuwa lisatenthe.

Pakatha masabata 6 mpaka 10 mizu idzaoneka m'pulasitiki. Dikirani ichuluke ndi kuyamba kufiirira, ndiye dulani nthambi kunsi kwa chibumacho. Masulani pulasitiki mosagwedeza mizu, chotsani theka la masamba, dzalani m'kachigubu ka malita 5, muike pa mthunzi mwezi umodzi. Mtengo wotere umatha kubereka pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo popeza ulibe muzu wautali wapakati, m'ndowa umakhala bwino. Kufooka kwake n'koti mizu yake siipirira matope, ndiye za dothi ndi mabowo zija musaziphonye.

Mtengo wakhala m'ndowa imodzi zaka zinayi. Ndikathira madzi amangodutsa, pofika masana wafota. Ndilibe ndowa yaikulu. — Agogo a ku Waliranji, Mchinji

Agogo, mizu yadzaza ndowa, dothi latha. Madzi akungotsetsereka pakati pa mizu ndi khoma la ndowa osalowa m'kati. Mtengo wa m'ndowa umafuna dothi latsopano pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Kukanakhala kotheka mukanausamutsira m'chotengera cha malita 40 mpaka 60, koma ndowa yomweyo ingagwirenso ntchito.

Dikirani mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo adzukulu akuthandizeni. Thirirani dzulo lake, goneketsani ndowa, gogodani m'mbali, mtengo utuluke ndi chibuma chake. Ndi mpeni wakuthwa sengani masentimita 2 kapena 3 kuzungulira chibumacho ndi pansi pomwe, osachotsa mizu yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Tokosani ndi kamtengo kuti dothi lakale lina ligwe. Tsukani ndowa, tsegulani mabowo, ikani dothi latsopano pansi ndi m'mbali, mukulitsindira ndi kamtengo kuti musatsale mphako. Tsinde likhale pa msinkhu wake wakale. Dulaniko nthambi zofanana ndi mizu yomwe mwachotsa, ikani pa mthunzi masiku 10, ndipo feteleza adikire mwezi.

Pakali pano, mvula isanabwere, imikani ndowayo m'beseni la madzi mphindi 20 kawiri pa sabata kuti chibuma chimwe kuchokera pansi.

Mbuzi za pamudzi zadya masamba onse ndi kukungudza khungu mbali imodzi. Uphukanso? — Mayi wa kwa Chulu, Kasungu

Ngati khungu latsala mbali inayo kuchokera pansi mpaka ku nthambi, uphuka, mayi. Dulani nsonga zotafunidwa ndi mpeni wakuthwa, balalo lisiyeni liume lokha osalimata ndowe kapena dothi, ndipo chepetsani madzi kwambiri, poti mtengo wopanda masamba sumwa. Feteleza adikire mpaka mphukira zitalike ngati chala. Zophukira kunsi kwa kabondo muzichotse. Mbuzi zikhala zotayirira mpaka anthu adzadzale, ndiye zingani ndowayo ndi nsungwi kapena waya wa nkhuku wotalika mita imodzi ndi theka, motalikirako kuti mbuzi ikaimirira ndi miyendo iwiri isafikire masamba.